Mmodzi akakopera pa ntchito ya pagulu, mlandu ugwere ndani?

Wophunzira wa pasukulu yaukachenjede angathe kuitanidwa kukomiti yosungitsa mwambo, kulandidwa malikisi, kuimitsidwa kapenanso kuchotsedwa sukulu kaamba ka ndime yomwe sanalembe ndiye, yomwe mwina sanaiwerengeko n'komwe. Ngozi yotereyi ndi yaikulu pa ntchito zomwe ophunzira amapatsidwa kuti achite pagulu, pomwe anthu anayi kapena asanu amapereka lipoti limodzi lokhala ndi maina awo onse pachikuto.

Mphunzitsi akatulukira kuti mbali ina ya lipotilo inachita kukoperedwa m'buku, pa intaneti kapena kwa gulu lina, amakhala ndi maina asanu patsogolo pake, pomwe dzanja lomwe linakopera mwina ndi limodzi. Milandu yomwe yachitika m'maiko osiyanasiyana kuyambira m'chaka cha 2002 ikusonyeza kuti sukulu ikapanda kufufuza kuti ndani anachita chiyani, osalakwa amalangidwira kumodzi ndi olakwa.

Milandu yake ndi yotani

Sukulu zaukachenjede zimapereka ntchito za pagulu pazifukwa zomveka. Kumalo a ntchito anthu sagwira okhaokha, ndipo mutu umodzi susenza denga. Komanso m'kalasi momwe muli ophunzira mazanamazana, mphunzitsi mmodzi amapepukidwa akamachonga malipoti 40 m'malo mwa 200.

Malamulo a sukulu zambiri amatchula mitundu ingapo ya chinyengo yomwe ingapezeke pa ntchito yotere. Woyamba ndi kutenga mawu kapena maganizo a munthu wina n'kuwapereka ngati ako, osatchula mwini wake. Wachiwiri ndi kuthandizana pa ntchito yomwe mphunzitsi analamula kuti aliyense achite payekha. Wachitatu ndi kupeka ziwerengero kapena zotsatira za kafukufuku yemwe sanachitike. Wachinayi ndi kulembetsa ntchito kwa munthu wina momulipira, kapena kuilembetsa ku mapulogalamu a AI monga ChatGPT pomwe mphunzitsi analetsa.

Pali njira zitatu zodziwika zomwe wophunzira wosalakwa amagwera nazo m'milandu imeneyi. Angathe kukodwa chifukwa cha zomwe mnzake wa m'gulu anachita mobisa. Angathe kukodwa chifukwa malire a kuthandizana kololedwa sanafotokozedwe bwino. Angathenso kukodwa chifukwa makina ofufuzira chinyengo amuloza chala molakwika.

Nsomba ikaola imodzi

Magulu ambiri amagawana ntchito. Wina amalemba mawu oyamba, wina amasonkhanitsa zomwe akatswiri analemba kale pankhaniyo, wina amawerengetsa ziwerengero, ndipo wina amalumikiza zonse usiku woti mawa lake ntchito iperekedwa. Wolumikizayo amaona ngati masamba ali m'dongosolo. Nthawi yofufuza komwe chiganizo chilichonse chinachokera sakhala nayo, ndipo ngakhale akanakhala nayo, ndime yokoperedwa mwaluso siizindikirika ndi maso okha.

Sukulu zina zimati aliyense yemwe dzina lake lili pachikuto wavomereza zonse zomwe zili mkati, choncho gulu lonse liyankhe mlandu. Maganizo amenewa ali ndi mfundo yake: amaletsa anthu kukankhirana mlandu, wina aliyense n'kumati si ine. Koma amasokoneza zinthu ziwiri zosiyana. Kuchepetsa malikisi a lipoti lomwe mbali yake ina ndi yobedwa ndi nkhani ya kachongedwe, pakuti lipotilo ndi loperewera ndithu. Kulemba m'kaundula wa wophunzira kuti anachita chinyengo ndi chigamulo pa khalidwe la munthu, ndipo chimafuna umboni woti iyeyo anachita kapena anadziwa n'kuvomereza. Mwambi woti nsomba ikaola imodzi zonse zaola umachenjeza za kuipa kwa kuyenda ndi anthu olakwika, koma sungakhale maziko oweruzira mlandu.

Vuto lina limachokera ku kuchepa kwa zipangizo, komwe n'kodziwika m'sukulu zambiri za m'chigawo cha kummwera ndi pakati pa Africa. Ophunzira akamabwerekana laputopu imodzi, kapena kusungira ntchito zawo pa fulashi imodzi, mafayilo a anthu osiyana amatha kuonetsa dzina la mwini kompyutayo ngati mlembi. Fayilo ingathenso kukoperedwa mwini wake osadziwa. Zikatero, ntchito ziwiri zofanana zimafika patebulo la mphunzitsi, ndipo kufananako pakokha sikunena kuti woyamba kulemba ndi uti.

Malire osaoneka bwino

Mlandu waukulu wokhudza malire a kuthandizana unachitika pa yunivesite ya Harvard ku America m'chaka cha 2012. Ophunzira pafupifupi 125 mwa 279 omwe ankachita phunziro lina la ndale anafufuzidwa chifukwa mayankho awo pa mayeso okalembera kunyumba anali ofanana. Malamulo a mayesowo ankalola kuwerenga mabuku, zolemba za m'kalasi ndi intaneti, koma ankaletsa kukambirana ndi anthu ena. Ena mwa ophunzirawo anadziteteza ponena kuti kufananako kunabwera chifukwa chogawana zolemba za m'kalasi, komanso chifukwa chofunsa othandizira mphunzitsi omwe ankapereka malongosoledwe amodzimodzi kwa aliyense.

Mu February 2013 yunivesiteyo inalengeza kuti opitirira pang'ono theka la oimbidwa mlanduwo analamulidwa kuchoka pasukulu kwa kanthawi. Mwa otsalawo, pafupifupi theka anapatsidwa chenjezo lokhwima, ndipo enawo sanalandire chilango chilichonse. Omalizawa anakhala miyezi ingapo ali ndi mlandu pamutu asanamasulidwe. Pambuyo pake sukulu ya digiri yoyamba ya Harvard inakhazikitsa lumbiro la kukhulupirika pamaphunziro, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2015.

Zofananako zinachitika mu 2008 pa yunivesite ya Ryerson mumzinda wa Toronto ku Canada, yomwe kuyambira mu 2022 imatchedwa Toronto Metropolitan University. Wophunzira wina wa chaka choyamba ankayang'anira gulu la pa Facebook momwe anzake ankakambirana ntchito ya kunyumba ya phunziro la kemisitire. Iye anaimbidwa milandu 147: umodzi wake, ndi 146 yoti anathandiza mamembala ena onse a gululo kuchita chinyengo. Mphunzitsi anali atanena kuti ntchitoyo aliyense achite payekha. Wophunzirayo anati gulu la pa intanetilo silinkasiyana ndi magulu owerengera limodzi omwe amakumana m'zipinda za pasukulupo. Komiti yomwe inamva nkhaniyo inakana kumuchotsa sukulu, koma inamupatsa ziro pa ntchito ya kunyumbayo.

Milandu iwiriyi sinali ya malipoti a pagulu, komabe phunziro lake limakhudza ntchito za pagulu mwachindunji. Aphunzitsi ambiri amauza ophunzira kuti achitire limodzi kafukufuku m'labotale kapena kumudzi, kenako aliyense alembe lipoti lakelake. Anthu omwe asonkhanitsa ziwerengero zimodzimodzi, n'kuzikambirana kwa masabata angapo, amalemba zinthu zofanana ngakhale asanaonetsane mapepala. Ngati mphunzitsi sanalembe momveka bwino kuti ntchito ya gulu ikuthera pati ndipo ya munthu payekha ikuyambira pati, wophunzira amadziwa malirewo atawadumpha kale.

Zomwe makina amanena

Sukulu zambiri, kuphatikizapo za m'chigawo chino, zimagwiritsa ntchito pulogalamu ya Turnitin, yomwe imayerekeza ntchito ya wophunzira ndi mabuku, masamba a pa intaneti ndi ntchito za ophunzira ena, n'kutulutsa nambala yosonyeza kuchuluka kwa mawu ofanana. Kampani yomwe imapanga pulogalamuyi imanena yokha kuti nambalayo si chigamulo choti munthu waba. Mawu ogwidwa molondola, mndandanda wa mabuku, ngakhale funso lenileni la mphunzitsi, zonse zingakweze nambalayo. Pa ntchito ya pagulu, mamembala awiri akatumiza fayilo imodzimodzi, aliyense m'dzina lake, pulogalamuyo imatha kuonetsa kuti wachiwiriyo wakopera pafupifupi zonse.

Kuopsa kodalira makina kunaoneka mu 2021 pa sukulu ya zaudokotala ya Geisel, yomwe ili pansi pa Dartmouth College ku America. Ophunzira 17 anaimbidwa mlandu wotsegula zolemba za maphunziro panthawi ya mayeso olembera pa intaneti. Umboni wake unali kaundula wa pulogalamu ya Canvas, yomwe sukuluyo imaikapo zophunzitsira. Nyuzipepala ya The New York Times komanso bungwe la Electronic Frontier Foundation anasonyeza kuti foni kapena kompyuta yomwe yasiyidwa ili yolowa mu Canvas imatha kulumikizana ndi pulogalamuyo yokha, mwini wake osaikhudza. Ena mwa ophunzirawo anadandaula kuti anapatsidwa maola osakwana 48 oti akonzekere kuyankha, kuti sanaonetsedwe umboni wonse, ndiponso kuti analangizidwa kungovomera. Mu June chaka chomwecho sukuluyo inathetsa milandu yonse, ndipo mkulu wake anapepesa.

Kubwera kwa ChatGPT kumapeto kwa 2022 kunabweretsa mtundu wina wa makina, oti amazindikira ngati nkhani yalembedwa ndi munthu kapena ndi AI. Kampani ya OpenAI, yomwe inapanga ChatGPT, inatulutsa chida chake chotere mu January 2023, n'kuchichotsa mu July chaka chomwecho ponena kuti chinkalakwitsa kwambiri. Mu August 2023 yunivesite ya Vanderbilt inazimitsa chida cha Turnitin chozindikira AI. Yunivesiteyo inawerengetsa kuti mwa ntchito 75,000 zomwe inatumiza ku Turnitin mu 2022, kulakwitsa kwa ntchito imodzi yokha pa 100 iliyonse kukanatanthauza ntchito 750 zoganiziridwa chinyengo popanda chifukwa.

Kafukufuku yemwe akatswiri a pa yunivesite ya Stanford anafalitsa mu 2023 ndi wofunika kwa ophunzira a m'chigawo chino. Iwo anayesa zida zisanu ndi ziwiri pa nkhani 91 zolembedwa ndi anthu omwe Chingerezi si chiyankhulo chawo chobadwa nacho. Zidazo zinanena molakwika kuti pafupifupi 61 pa nkhani 100 zilizonse zinalembedwa ndi makina, pomwe nkhani za ana a sukulu a ku America zinazindikiridwa bwino pafupifupi zonse. Chifukwa chake n'chakuti zidazi zimaganizira makina zikaona mawu odziwika ndi ziganizo zosavuta kulosera, ndipo umu ndi momwe amalembera anthu ambiri omwe anachita kuphunzira chiyankhulocho kusukulu. Kafukufukuyu sanachitikire mu Africa, koma ophunzira ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amalemba ntchito zawo m'Chingerezi chophunzira m'kalasi. Ku South Africa, yunivesite ya Cape Town inalengeza mu 2025 kuti ikusiya kugwiritsa ntchito chida cha Turnitin chozindikira AI kuyambira pa 1 October chaka chimenecho, ponena kuti n'chosadalirika.

Pa lipoti la pagulu, kulakwitsa kwa makina kumafalikira. Chida chikaloza ndime imodzi, anthu onse asanu amaitanidwa, ndipo chibwenzi chimasanduka chidani pomwe aliyense wayamba kukayikira mnzake pa mlandu womwe mwina palibe anapalamula.

Kupatula wolakwa n'kotheka

Chitsanzo cha kafukufuku yemwe anasiyanitsa wolakwa ndi anzake chimachokera kunja kwa kalasi, pakati pa akatswiri a sayansi, omwe nawonso amasaina ntchito imodzi ali ambiri. Mu 2002, malo ochitira kafukufuku a Bell Labs ku America anakhazikitsa komiti yotsogozedwa ndi Pulofesa Malcolm Beasley wa ku Stanford kuti iunike ntchito za katswiri wina wa fizikisi, Jan Hendrik Schön, yemwe zolemba zake zinatuluka m'magazini otchuka a Science ndi Nature. Zolembazo zinali ndi maina a akatswiri enanso angapo.

Komitiyo inaunika madandaulo 24 ndipo inapeza kuti pa 16 mwa iwo Schön anapeka kapena kusintha zotsatira. Inafufuza kuti ndani ankayeza zinthu m'labotale, ndani ankasunga ziwerengero, ndiponso ndani anaona zotsatirazo ndi maso ake. Itapeza kuti mbali zimenezi Schön ankazichita yekha, inamasula anzake onse ku mlandu wa chinyengo. Ngakhale zinali choncho, komitiyo inafunsa ngati ena mwa anzakewo, makamaka wamkulu wawo, anaunika mokwanira zotsatira zomwe anasainira. Schön anachotsedwa ntchito ndipo zolemba zambiri zinabwezedwa.

Mlanduwu ukusonyeza magawo atatu omwe komiti ya pasukulu ingagwiritsenso ntchito. Pali yemwe anachita chinyengo. Pali yemwe anadziwa n'kukhala chete. Palinso yemwe sanadziwe kanthu, yemwe angadzudzulidwe chifukwa chosasamala koma sangatchedwe wachinyengo. Chilango chimodzi sichingayenere anthu atatu onsewa.

Zomwe malamulo amanena

M'maiko angapo a m'chigawo chino, ufulu womvedwa munthu asanaweruzidwe unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko. Ku Malawi, gawo 43 la malamulo a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu woti mabungwe a boma amuchitire zinthu motsata malamulo ndi mwachilungamo, komanso kuti apatsidwe zifukwa zolembedwa za chigamulo chomwe chikumukhudza. Ku South Africa ufulu wotere uli m'gawo 33 la malamulo a 1996, ndipo unatambasulidwa m'lamulo lapadera la mu 2000. Ku Zimbabwe uli m'gawo 68 la malamulo a 2013, ndipo ku Namibia uli m'gawo 18 la malamulo a 1990. Magawo amenewa amakhudza makamaka sukulu zaboma. Pa sukulu zomwe si zaboma, wophunzira amadalira kwambiri malamulo a sukuluyo, omwe ali ngati mgwirizano pakati pa iye ndi eni sukulu.

Chilungamo cha kazengedwe ka mlandu chimafuna zinthu zodziwika. Woimbidwa mlandu auzidwe molemba chomwe akumuganizira, aonetsedwe umboni, apatsidwe nthawi yokwanira yokonzekera, amvedwe ndi anthu omwe alibe mbali pankhaniyo, ndipo akhale ndi mwayi wochita apilo. Mphunzitsi yemwe wadandaula sayenera kukhalanso woweruza.

Kwa ophunzira a m'chigawo chino omwe ali ku England ndi Wales, kuli ofesi yoima payokha yotchedwa Office of the Independent Adjudicator, yomwe yakhala ikumva madandaulo a ophunzira mwalamulo kuyambira mu 2005, njira zonse za pasukulu zikatha. Malangizo a ofesiyi amati pa milandu ya mwambo, udindo wopereka umboni ndi wa sukulu, ndipo iyenera kusonyeza kuti n'zokhulupirika kwambiri kuti chinyengocho chinachitika kusiyana ndi kuti sichinachitike. Kwa wophunzira wochokera kunja nkhaniyi ndi yolemera kwambiri, chifukwa chilolezo chake chokhalira ku Britain chimadalira sukulu yomwe inamulandira. Akachotsedwa sukulu, chilolezocho chimatha kufupikitsidwa.

Ngakhale kwa yemwe akuphunzira kwawo, chotayika n'chachikulu. Kubwereza chaka kumafuna fizi ina, ndipo nthawi zambiri ndalamazo zimachokera ku ngongole, kwa abale kapena kwa bungwe lomwe lingaleke kuthandiza likamva za mlanduwo. Pa maphunziro monga a zamalamulo, zaunamwino ndi zaudokotala, mbiri ya chinyengo ingalepheretse munthu kulembetsa ku bungwe loyang'anira ntchitoyo.

Kudziteteza kumayamba tsiku loyamba

Umboni wabwino kwambiri wa wophunzira wosalakwa ndi mapazi omwe ntchito yake inasiya. Gulu likamagawana ntchito, ndi bwino kulemba kuti ndani watenga mbali iti, ngakhale mu uthenga wa pa WhatsApp womwe aliyense wauyankha. Aliyense asunge zolemba zake zoyambirira, kaya za pamanja kapena za pa kompyuta, pamodzi ndi mndandanda wa mabuku omwe anawerenga. Mapulogalamu monga Google Docs amasunga mbiri yosonyeza kuti ndani analemba mawu ati ndiponso pa nthawi yanji. Gulu lipatule tsiku loti aliyense awerenge lipoti lonse lisanaperekedwe, ndipo yemwe waona ndime yokayikitsa afunse mwini wake, n'kudziwitsa mphunzitsi ngati yankho silikumveka.

Kalata yoitanira kukomiti ikafika, wophunzira ayenera kupempha kuti aone umboni wonse, awerenge malamulo a sukulu pa nkhani za mwambo, ndipo apemphe thandizo ku bungwe la ophunzira kapena ku ofesi yoona za umoyo wa ophunzira. Asasinthe kapena kufufuta fayilo iliyonse, chifukwa kutero kumaononga madeti omwe akanamuteteza. Asagwirizane ndi anzake zokanena nkhani imodzi yopeka, pakuti bodza limasandutsa wosalakwa kukhala wolakwa. Asavomerenso mlandu womwe sanapalamule pofuna kuti nkhani ithe msanga, chifukwa kubweza mawu ovomera n'kovuta. Angathe kupempha kuti amufunse mafunso pakamwa pa mbali yomwe analemba, popeza munthu yemwe anagwiradi ntchito amatha kufotokoza chifukwa chomwe anasankhira buku ili kapena njira iyi.

Udindo waukulu uli m'manja mwa sukulu. Mphunzitsi angathe kulemba pa pepala la ntchito kuti kuthandizana kukuloledwa mpaka pati, ndiponso ngati AI ikuloledwa. Angathe kulamula kuti lipoti lililonse likhale ndi tsamba losainidwa losonyeza zomwe membala aliyense anachita, monga momwe magazini ambiri a sayansi amafunira kwa olemba awo masiku ano. Angathenso kugawa malikisi pawiri, ena a gulu ndi ena a munthu payekha. Mlandu ukabuka, komiti imve membala aliyense payekha, ndipo nambala yochokera ku makina ikhale poyambira kufunsa mafunso basi.

Njira zimenezi zimadya nthawi, ndipo aphunzitsi omwe ali ndi makalasi akuluakulu amakhala nayo yochepa. Koma sukulu ya Geisel, yomwe inafulumira kuweruza, inathera pa kuthetsa milandu yonse 17 ndi kupepesa poyera, pomwe komiti ya Beasley, yomwe inafunsa kuti ndani anachita chiyani, inapeza wolakwa mmodzi n'kumasula anzake onse.